Mbiri ya Kabokosi ka Wi-Fi, ndi Chifukwa Chake Tilibe Adiresi Yathuyathu

M'nyumba imene timachita lendi ophunzira asanu ndi atatu muli kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri. Kamakhala pawindo la pabalaza chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki imagwira bwino. Mwezi ukatha timasonkha ndalama ya bandulo, ndipo wosunga ndalamayo ndine, pa chifukwa chimodzi chokha chakuti ndikuphunzira za makompyuta. Udindowu sindinaupemphe, anangondisenzetsa.

Semesita yathayi anzathu a kuzipinda za kumbuyo anayamba kudandaula kuti akusonkha mofanana ndi ena onse koma Wi-Fi siwafika. Ndinagula router ina yogwirapo kale ntchito, n'kuilumikiza ndi waya ku kabokosi koyamba kaja. Usiku womwewo zinthu zinasokonekera. Foni ya uyu ikugwira, ya mnzake wokhala naye pampando umodzi yosagwira, chonsecho chizindikiro cha Wi-Fi chadzaza pa mafoni onse awiri. Kukacha zasinthana, amene amaseka dzulo ndiye akudandaula lero. Tsiku lachitatu mnzanga wina anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti, "Aise, ndalama ija unaguliradi bandulo yonse?"

Funso limeneli linandibaya. Nditadziwa pamene panali vuto, kukonza kwake sikunakwane mphindi khumi. Koma kufufuzako kunandilowetsa m'zikalata zakale zotchedwa RFC, mmene akatswiri amalembamo malamulo a kayendedwe ka intaneti. M'menemo ndinapeza kuti kabokosi kathu kamagwira ntchito zitatu zimene kale zinkagwiridwa ndi makina osiyanasiyana, zina ndi anthu enieni okhala muofesi. Kamagwiranso ntchito yachinayi, imene inabwera ngati chigamba chongoyembekezera koma ilipo mpaka lero. Mtima wanga uli pa chigamba chimenechi, koma kuti tikafikepo bwino, tiyambe ndi zitatuzo.

Amene anandithandiza kuzisiyanitsa ndi John Shoch, katswiri wa ku Xerox PARC ku California. Mu 1978 iye analemba kapepala kakafupi kofotokoza kuti dzina, adiresi ndi njira ndi zinthu zitatu zosiyana: dzina limatchula chinthu chimene ukufuna, adiresi imanena kumene chili, njira ndiyo imakufikitsa kumeneko. Foni yanu ikamatsegula tsamba lililonse imafuna zonse zitatu, ndipo zonsezo imazipeza kudzera pa kabokosi kaja.

Njira

Intaneti inachokera ku ARPANET, netiweki imene inamangidwa ku America ndi ndalama za unduna wa zachitetezo. Pa malo aliwonse olumikizidwa ankaikapo makina aakulu ngati firiji otchedwa IMP, opangidwa ndi kampani ya BBN ya ku Cambridge, Massachusetts. Ntchito yawo inali kulandira uthenga umene wadulidwa m'timaphukusi n'kuupatsira kwa IMP ina. Pa 29 Okutobala 1969 uthenga woyamba unachoka ku yunivesite ya UCLA kupita ku SRI. Ankafuna kulemba LOGIN, koma makina anaima atangotumiza L ndi O. Chaka chimenecho chinatha malo olumikizidwa ali anayi.

IMP inkadziwa netiweki imodzi yokha. Vuto linabwera pamene kunabadwa manetiweki ena, wina woyendera wayilesi, wina woyendera setilaiti, aliyense ndi malamulo ake komanso kukula kwake kwa timaphukusi. Mu Meyi 1974, Vint Cerf ndi Bob Kahn anasindikiza nkhani yofotokoza mmene angawalumikizire. Anati pakati pa manetiweki awiri paziima kompyuta yokhala ndi mwendo wina uku, wina uku, ndipo anaitcha gateway, kunena kuti chipata. Chipatacho sichitsegula phukusi kuti chione zam'kati. Chimangowerenga adiresi n'kulipatsira mbali yoyenera. Phukusi likatayika panjira, odandaula ndi kutumizanso ndi makompyuta a kunsonga ziwiri, osati chipata.

Pulogalamu yoyamba ya chipata chotere inalembedwa ku BBN ndi mayi wina dzina lake Virginia Strazisar, pa kompyuta ya PDP-11. Pa 22 Novembala 1977 anaonetsa kuti zimatheka. Uthenga unachokera m'galimoto ya SRI imene inkayenda mumsewu kufupi ndi San Francisco, unadutsa pa wayilesi kulowa mu ARPANET, unawoloka nyanja mpaka ku London, unabwerera ku America pa netiweki ya setilaiti, n'kukathera pa kompyuta ya kudera la Los Angeles. Manetiweki atatu osiyana anagwira ntchito ngati amodzi. Pa 1 Januwale 1983 ARPANET yonse inasamukira ku malamulo atsopanowa, otchedwa TCP/IP.

Kabokosi kathu ndi mdzukulu wa PDP-11 ija. Kali ndi makomo angapo: lina loyang'ana kunja kudzera pa SIM khadi, lina la mawaya a m'nyumba, lina la Wi-Fi. Khomo loyang'ana kunja lili ndi adiresi yake, mbali ya m'nyumba ilinso ndi yake. M'kati muli ndandanda yonena kuti maadiresi akutiakuti ali kuseri kwa khomo lakutilakuti. Phukusi likagwirizana ndi mizere iwiri, kabokosiko kamatsatira mzere umene ukutchula malo mwatsatanetsatane kuposa unzake. Mzere womaliza umangoti chilichonse chimene sindikuchidziwa chituluke khomo lakunja. Kali ngati munthu wa pamphambano amene sadziwa midzi yonse ya m'dziko, koma amadziwa kuti wopita kunyanja alowere uku, ena onse apitirire ndi msewu waukulu akafunse kutsogolo.

Dzina

Makina amafuna manambala, koma anthu timakumbukira maina. Pa ARPANET vutoli linathetsedwa m'njira yosavuta kwambiri: panali fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, yokhala ndi dzina ndi nambala ya kompyuta iliyonse. Inkasungidwa ku SRI, ku Menlo Park, ndi gulu lotsogozedwa ndi Elizabeth Feinler. Ukagula kompyuta yatsopano unkaimba foni kapena kulemba uthenga ku ofesi imeneyi, iwo n'kuwonjezera mzere wako, ndipo malo ena onse ankakopera fayiloyo nthawi ndi nthawi.

Ndimadabwa ndikaganiza kuti dzina lililonse pa netiweki yonse linkadutsa m'manja mwa ofesi imodzi. Makompyuta ali ochepa zinkayenda. Atachuluka, fayilo inakula, okopera anachuluka, ndipo imene wakopera lero inkakhala itatha kale ntchito sabata isanathe. Mu Novembala 1983, Paul Mockapetris wa ku University of Southern California analemba RFC 882 ndi 883, zimene zinakhazikitsa DNS, ndipo mu 1987 anazikonzanso mu RFC 1034 ndi 1035.

Nzeru ya DNS ndi kugawana udindo. Mfumu yaikulu sidziwa mwana aliyense wa m'dera lake. Imakutumiza kwa gulupu, gulupu akutumiza kwa nyakwawa, nyakwawa ndiye akulozera nyumba. DNS ili chimodzimodzi. Pamwamba pali maseva a kumuzu, odziwika ndi zilembo 13 kuyambira A mpaka M, ngakhale makina enieniwo ndi ochuluka ndipo ali m'maiko ambiri. Amenewa sadziwa adiresi ya tsamba limene mukufuna, koma amadziwa amene akusunga maina othera ndi .com, .org kapena .mw. Ameneyo amakulozerani kwa wosunga dzina lenilenilo. Dzina loyamba la .com, symbolics.com, linalembetsedwa pa 15 Malichi 1985.

Foni yanu siyenda ulendo wonsewu yokha. Imafunsa kabokosi, kabokosi kamafunsa seva ya kampani yogulitsa intaneti, yankho likabwera kamalisunga kwa kanthawi kuti wina akafunsa zomwezo kasavutikenso. Ndipo HOSTS.TXT ija sinafe. Pa laputopu iliyonse pali kafayilo kotchedwa hosts, ndipo nthawi zambiri kompyuta imayamba yaona m'menemo isanafunse DNS.

Adiresi

Kale adiresi ya kompyuta inkalembedwa pamanja ndi munthu woyang'anira netiweki. Kenaka kunabwera makompyuta opanda disiki, amene akayatsidwa sankakumbukira chilichonse, ngakhale nambala yawo yomwe. Mu 1984 kunabwera RARP, imene inkangouza kompyuta adiresi yake basi. Mu 1985 Bill Croft ndi John Gilmore analemba BOOTP, imene inkanena zambiri, komabe munthu ankayenera kulemba kaye makina aliwonse m'ndandanda. Mu Okutobala 1993, Ralph Droms wa ku Bucknell University anatulutsa DHCP, ndipo mtundu umene tikugwiritsa ntchito lero uli mu RFC 2131 ya mu 1997.

Chatsopano mu DHCP chinali kubwereketsa. Adiresi si yako mpaka kalekale, wangobwereka kwa maola akutiakuti. Nthawi ikafika theka, foni imapempha kuti aiwonjezere. Ukachoka osabweranso, adiresiyo imapatsidwa kwa wina. Zimayenda motere: foni ikangolowa pa Wi-Fi imakuwa kwa onse kufunsa ngati pali wogawa maadiresi. Wogawa amayankha kuti nayi. Foni imati ndatenga imeneyo, wogawa n'kuvomereza. Pamodzi ndi adiresiyo, wogawa amauzanso foni zinthu zina ziwiri: chipata chotulukira kunja ndi ichi, ndipo wofunsa maina ndi uyu.

Apa ndi pamene panagona vuto la m'nyumba mwathu. Kabokosi koyamba kanali 192.168.8.1 ndipo kankagawa maadiresi oyamba ndi 192.168.8. Router imene ndinagula inali 192.168.1.1, nayonso ikugawa ake. Nditazilumikiza ndi waya, m'nyumba imodzi munakhala ogawa awiri. DHCP safunsa kuti woyankhayo ali ndi chilolezo kapena ayi, ndipo mafoni ambiri amangotenga yankho limene lafika msanga. Foni imene yamvera router yachiwiri inkauzidwa kuti chipata ndi wofunsa maina ndi router yomweyo, pamene khomo lake lakunja linalibe waya uliwonse. Wi-Fi yodzaza, koma kopita kulibe. Foni ikachoka n'kubweranso, mpikisano unkatha kuyambiranso, n'chifukwa chake zinkasinthana. Ndinazimitsa DHCP pa router yachiwiriyo, n'kuipatsa adiresi ya 192.168.8.2, m'nyumba munabwerera mtendere. Mnzanga uja anapepesa pondigulira chipisi.

Koma ndinatsala ndi funso. Ndikapita kwa azakhali, router yawo imayambanso ndi 192.168. Kumalo odyera, chimodzimodzi. Ngati adiresi imanena kumene chinthu chili, zikutheka bwanji kuti nyumba mamiliyoni zikhale ndi adiresi imodzi?

Chigamba cha mu 1994

Adiresi ya IPv4, monga inalembedwera mu RFC 791 mu Seputembala 1981, ndi mndandanda wa ma 0 ndi ma 1 okwana 32. Izi zimapereka maadiresi 4,294,967,296. Vint Cerf wanenapo poyera kambirimbiri kuti panthawiyo ankaona ngati akungoyesera, ndipo nambalayi inkaoneka yokwanira ndithu. Kagawidwe kake kanali ka magulu atatu: gulu A la maadiresi 16,777,216, gulu B la 65,536, ndi gulu C la 256. Ofika msanga anatenga zazikulu. MIT inalandira maadiresi onse oyamba ndi 18, Apple oyamba ndi 17, Ford oyamba ndi 19, ndipo unduna wa zachitetezo wa America unatenga magulu A angapo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Ndiye kuti sukulu imodzi ya ku Massachusetts inali ndi maadiresi ongotsala pang'ono kukwanira Mmalawi aliyense.

Sindikunena kuti panali chiwembu. Ogawawo sankadziwa kuti tsiku lina mayi wogulitsa tomato adzakhala ndi intaneti m'thumba. Koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinaonekeratu kuti gulu B likutha, chifukwa bungwe lililonse loposa makompyuta 256 linkapempha limenelo n'kusiya maadiresi ambirimbiri osagwiritsa ntchito. Mu 1993 kunabwera CIDR, imene inathetsa magulu atatu aja kuti aliyense azilandira molingana ndi kusowa kwake. Inathandiza, koma sinawonjezere adiresi ngakhale imodzi.

Mu Malichi 1994, RFC 1597 inapatula maadiresi ena kuti akhale a m'nyumba, oti aliyense angawagwiritse ntchito koma osatuluka nawo pa intaneti. Mu Meyi chaka chomwecho, Kjeld Egevang ndi Paul Francis analemba RFC 1631 yofotokoza NAT, njira yoti chipata chizisintha adiresi ya m'nyumba kukhala yakunja phukusi likamatuluka, n'kuibwezera yankho likamalowa. Olembawo sanabise. Ananena kuti ndi njira yongoyembekezera pamene njira yeniyeni ikukonzedwa, ndiponso kuti ikuchotsa mfundo yoti adiresi imodzi izitanthauza kompyuta imodzi kuchokera kunsonga kufika kunsonga. Ena anatsutsa mwamphamvu. Mu Julayi 1994 akatswiri anayi analemba RFC 1627 yochenjeza kuti maadiresi a m'nyumba adzabweretsa mavuto. Koma mu Febuluwale 1996 kunatuluka RFC 1918, imene inakhazikitsa magawo atatu amene tikuwadziwa lero: oyamba ndi 10, oyambira 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Mmodzi mwa olemba ake ndi Eliot Lear, yemwe analinso pakati pa otsutsa anayi aja.

Amene anakulira kumudzi NAT aimvetsa msanga. Agogo anga analibe bokosi kupositi ofesi. Makalata awo onse ankadzera pa bokosi la sukulu ya pulayimale, ndipo aphunzitsi aakulu ankawapatsira ana kuti akapereke. Mudzi wonse unali ndi keyala imodzi. NAT ili choncho, kupatula chinthu chimodzi chachikulu. Kabokosi kamalemba m'buku lake uthenga uliwonse wotuluka, kuti wachokera pa foni iti ndipo wapatsidwa nambala yanji ya port. Yankho likafika kamaona m'bukumo n'kudziwa mwini wake. Koma uthenga wochokera kunja umene si yankho la chilichonse, kamangoutaya chifukwa sikadziwa kuti ndi wa ndani. Tangoganizani aphunzitsi aakulu amene amang'amba kalata iliyonse yopita kwa agogo pokhapokha ngati agogowo ndi amene anayamba kulemba.

Njira yeniyeni ija inabweradi. IPv6 inalembedwa mu Disembala 1995 mu RFC 1883, yokhala ndi ma 0 ndi ma 1 okwana 128. Koma chigamba chinali chitagwira kale, chotsika mtengo komanso chosafuna kuti aliyense asinthe makina ake. Mu Disembala 2002 kampani ya Linksys inatulutsa router ya WRT54G, imene inalowa m'nyumba zambirimbiri. Anthu atazindikira kuti m'kati mwake muli Linux, anakakamiza kampaniyo kutulutsa pulogalamuyo poyera monga laisensi yake imanenera, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa OpenWrt mu 2004. M'marouter ambiri otere muli kapulogalamu ka Simon Kelley kotchedwa dnsmasq, kamene kamagawa maadiresi komanso kuyankha za maina. Ntchito ya Strazisar, ya Feinler ndi Mockapetris, ya Droms, ndi ya Egevang ndi Francis zinakumana m'kabokosi kamodzi kokwana pawindo.

Ofika mochedwa

Maadiresi akunja amagawidwa kudzera m'mabungwe asanu a zigawo za dziko. La ku Ulaya, RIPE NCC, linayamba mu 1992, ndipo la Asia ndi Pacific, APNIC, mu 1993. La Africa, AFRINIC, lomwe likulu lake lili ku Mauritius, linavomerezedwa mu 2005, lomaliza pa onse. Izi zisanachitike, makampani a mu Africa ankakapempha maadiresi kumabungwe a zigawo zina. Pa 3 Febuluwale 2011, IANA, imene imasunga nkhokwe yaikulu, inagawa magawo asanu omaliza, limodzi kwa bungwe lililonse. AFRINIC inalandira maadiresi oyamba ndi 102. Chaka chomwecho Microsoft inagula maadiresi 666,624 kwa kampani ya Nortel imene inagwa, pa mtengo wa madola 7.5 miliyoni. Chinthu chimene kale chinkaperekedwa kwa wopempha aliyense chinasanduka malonda.

Ndi zoona kuti AFRINIC ndi imene inakhalitsa ndi maadiresi otsala kuposa mabungwe anzake. Koma chifukwa chake n'chakuti anthu athu ambiri anali asanalumikizidwe. Tsopano pamene mamiliyoni akulowa pa intaneti kudzera pa mafoni, otsalawo akugawidwa mopimira. Makampani a mafoni, kuno ngakhalenso kwina, anachita zimene nyumba zinachita kale: anaika NAT yawo yaikulu pamwamba pa NAT ya kabokosi. Mu Epulo 2012, RFC 6598 inapatula maadiresi oyambira 100.64 mpaka 100.127 kuti agwire ntchito imeneyi.

Izi ndinakumana nazo ndekha. Ndinali nditalemba kapulogalamu ka pulojekiti yanga ya kusukulu, kosungira mbiri ya ngongole za banki mkhonde, ndipo kankayenda pa laputopu yanga. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg anati akufuna akaone asanandithandize ndalama ya zipangizo zina. Ndinalowa m'kabokosi n'kukauza kuti uthenga wofika pa port yakutiyakuti uzipita ku laputopu yanga. Ndinawatumizira nambala. Anayesa katatu, osatheka. Nditaonetsetsa ndinapeza kuti khomo lakunja la kabokosi kathu lili ndi adiresi yoyamba ndi 100.72, pamene masamba oonetsa adiresi ya munthu ankanena nambala ina. Kabokosi kathu sikanali pa intaneti penipeni. Kanali kuseri kwa bokosi lina la kampani, limene tikugawana ndi anthu ambiri osawadziwa, ndipo kiyi wa bokosi limenelo ndilibe.

Njira zozembera zilipo. Ukhoza kuchita lendi seva kunja, kapena kudutsa pa kampani ina imene ili ndi adiresi yooneka kwa onse. Koma seva ya kunja imalipidwa m'madola, pa khadi ya banki imene ophunzira ambiri tilibe, m'dziko limene ndalama zakunja n'zosowa. Ndinangojambula kanema wa pulogalamuyo n'kuwatumizira achimwene pa WhatsApp. Anaona chithunzi cha ntchito yanga, koma sanaigwire.

Maganizo anga

Mnzanga wina wa m'kalasi amati ndikukokomeza. Amati popanda NAT intaneti ikanaima kalekale, ndipo ife sitikanalowamo n'komwe. Pamenepa akunena zoona, ndipo olemba RFC 1631 ndimawapatsa ulemu. Amatinso NAT imatiteteza, chifukwa akuba a pa intaneti sangafike pa foni imene sakuiona. Apa ndimasiyana naye. Ntchito yokaniza alendo osaitanidwa ndi ya firewall, ndipo firewall imagwira ntchito ngakhale makina aliwonse ali ndi adiresi yawoyawo. Kusiyana kwake n'kwakuti firewall ndi mlonda amene ndimamuuza ndine kuti uyu alowe, uyu asalowe, pamene NAT ya kampani ndi mpanda wopanda chitseko umene sindinaumange.

Amamaliza ndi kunena kuti anthu ambiri amangofuna WhatsApp, Facebook ndi YouTube, ndipo zimenezi zimayenda bwinobwino. Apa ndi pamene pali nkhawa yanga yeniyeni. Zimayenda chifukwa zonsezi zinamangidwa kuti foni yako iziyamba ndiyo kupita ku seva ya kampani yaikulu. Intaneti ya Cerf ndi Kahn inali yoti kompyuta iliyonse ikhoza kufunsa komanso kuyankha. Wophunzira wa ku Stanford kapena MIT m'zaka za m'ma 1990 ankatha kuyatsa kompyuta yokhala ndi adiresi yooneka padziko lonse, anthu n'kuyamba kuigwiritsa ntchito. Ife tinapeza intaneti imene imatilola kupempha ndi kulandira, koma yotivuta kuti tipereke. Mwana amene wakulira m'menemo amayamba kuganiza kuti intaneti ndi malo okaonerako zinthu za ena, ndipo palibe amene anamuuza kuti zinachokera pa chigamba cha mu 1994.

IPv6 si mankhwala a matenda onse. Imafuna kuti kampani yogulitsa intaneti iitsegule, router iidziwe, ndipo firewall ikonzedwe bwino. Koma imachotsa kusowa kumene kunabala NAT. Gawo limodzi lokha limene netiweki ya m'nyumba imalandira mu IPv6 lili ndi maadiresi ochuluka kuposa IPv4 yonse kuwirikiza kopitirira mabiliyoni anayi. Si chinthu chongolota. Pa 6 Juni 2012 makampani akuluakulu monga Google ndi Facebook anaitsegula kuti isadzatsekedwenso, ndipo mafoni ndi malaputopu amene tili nawo m'manjamu anaidziwa kale. Amene ali ndi maadiresi akale ambiri akhoza kuzengereza, sataya kanthu. Ife tikazengereza, tizingounjika bokosi pamwamba pa bokosi. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Choncho kwa anzanga amene tikuphunzira za makompyuta ndili ndi mapempho ochepa. Lowani mu router ya kumene mukukhala, muone adiresi ya khomo lakunja, muiyerekeze ndi imene intaneti ikukuonerani. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, dziwani kuti muli kuseri kwa NAT ya kampani. Mukamagula intaneti, funsani ngati amapereka IPv6. Wogulitsayo mwina sadziwa yankho, koma funso likabwera kambirimbiri limakafika kwa amene amadziwa. Ndipo IPv6 tisaiphunzire ngati mutu womaliza wa m'buku, umene timauwerenga usiku woti mawa mayeso. Zaka zikubwerazi ndife amene tidzakhale tikukonza manetiweki a masukulu, zipatala ndi makampani a dziko lino, ndipo tidzaika zimene manja athu anazolowera.

Kabokosi kathu kakadali pawindo, ndipo kuzipinda za kumbuyo Wi-Fi ikufika. Mwezi uno posonkha ndalama, mnzanga wa funso lija anandipeza ndikuyang'ana tsamba la m'kati mwa router n'kundifunsa ngati chaonongekanso china. Ndinamuuza kuti palibe, ndimangoona ngati mzere wa IPv6 wayamba kuonetsa nambala. Unali wopanda kanthu. Anandipatsa ndalama yake n'kunena kuti ndimulembere risiti.